Amplifaya ya mavavu ikamaluma milomo, yang'anani waya wa earth

M'matchalitchi ena ndi m'magulu oimba kuno ku Salima mukadali ma amplifaya akale a mavavu, aja amayaka mofiirira kumbuyo ngati makala. Mawu ake ndi okoma, ndipo sindikuti muwataye. Koma dziwani kuti ngakhale pa soketi ya ESCOM pamatuluka mavoti 230, thiransifoma ya m'kati mwa amplifaya yotere imawakweza mpaka 400 kapena 500.

Vuto limayamba kuoneka kwa woimba. Dzanja lili pa zingwe za gitala, mlomo wakhudza maiki, akumva kuluma. Anzake amaseka, wina n'kuveka maikiyo sokosi, nyimbo n'kupitirira. Musatero. Zingwe za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha thupi la amplifaya kudzera mu waya wa jeki. Kulumako kukusonyeza kuti magetsi akudontha pa chitsulocho ndipo asowa njira ina yopitira pansi kupatula thupi la munthu. Tsiku lina adzaimba wopanda nsapato pa simenti yonyowa, magetsiwo n'kudutsa pamtima.

Kawirikawiri wolakwa ndi waya wa earth, waya wobiriwira wopititsa pansi magetsi odontha. Amplifaya ikamalira "hmmm" mu sipika, amisiri ena amadula waya wobiriwira uja mu pulagi, phokoso n'kutha, eni ake n'kuthokoza. Ameneyo wachotsa chitetezo chanu. Tsegulani pulagi muone: wabulauni apite ku fiyuzi, wabuluu ku neutral, wobiriwira ndi chikasu ku mwendo wautali wapamwamba. Pa zingwe zakale, wofiira ndiye wamoto, wakuda neutral, wobiriwira earth. Mutazula pulagi, pimani ndi mita ya amisiri (multimeter) kuchokera pa mwendo wautaliwo kufika pa chitsulo cha amplifaya. Isafike ohm imodzi. Chinyezi cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri pa bauti yomwe wayayu amamangidwapo, choncho palani mpaka pawale. Phokoso lija yesani kulithetsa polumikiza amplifaya ndi mikisa pa soketi imodzi komanso kusintha mawaya a jeki otha.

Earth ya nyumba nayonso ipimidwe ndi mmisiri wovomerezeka. Mchenga wa ku Senga Bay ukauma mu Okutobala, chitsulo chokhomedwa pansi sichigwira bwino ntchito. Jenereta ya pa msonkhano wa panja imafunanso chitsulo chake.

Samalani kwambiri ndi ma amplifaya ochokera ku America, monga ma Fender a m'ma 1960. Anapangidwira mavoti 120, ndiye amafuna thiransifoma yotsitsa magetsi. Ambiri anabwera ndi chingwe cha mawaya awiri okha, ndipo m'kati muli kapasita (kachipangizo kosunga magetsi) yolumikiza magetsi a pa soketi ku chitsulo cha thupi. Ikakalamba n'kuphulika m'kati, thupi lonse limakhala lamoto. Mmisiri aichotse, aike chingwe cha mawaya atatu.

Kwa inu amisiri okonza mawailesi pa Kamuzu Road: kuzula pulagi sikutanthauza kuti m'kati mwazima. Makapasita akuluakulu amasunga mavoti mazanamazana kwa nthawi yaitali. Atulutseni magetsiwo kudzera mu resistor ya 100k ya mawati 5 yokhala ndi timawaya totetezedwa bwino, osati kugunditsa sikuludiraiva mpaka kuthetheka. Kenako pimani ndi mita, ndipo pimaninso musanagwire, chifukwa mavoti amatha kubwerera pang'ono. Mukamapima ili yoyaka, mangani waya wakuda wa mita pa chitsulo, mugwire ndi dzanja limodzi, lina m'thumba. Vulani wotchi ndi mphete, valani nsapato za labala, ndipo pakhale munthu pafupi wodziwa pozimitsira.

Amplifaya yomwe yakhalitsa m'sitolo ya mpingo musaiyatse mwachindunji. Ilumikizeni ku soketi kudzera mu babu lakale la ulusi la mawati 60 kapena 100: likangowala pang'ono n'kuzilala, zili bwino, likapitiriza kuwala kwambiri, muli shoti. Musaiyatsenso popanda sipika, mungaotche thiransifoma ya mawu, yomwe ndi yovuta kuipeza. Vavu ya EL34 kapena 6L6 ikafiira chitsulo chonse cha m'kati, zimitsani pomwepo. Fiyuzi ikapsa, bwezerani ya nambala yomwe yalembedwa. Kumangapo waya kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya n'kuitana moto.

Wina akagwidwa ndi magetsi, musamukoke ndi manja. Zimitsani pa soketi kapena pa main switch, kapena mukankheni ndi mtengo wouma. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, mupite naye kuchipatala akamupime mtima.