Kukumba maenje osunga chinyezi mvula ikamavuta

Amayi a ku Chiuta, Chifunde ndi Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene dzuwa limaotcha kuposa ku Angónia, musadikire mvula yoyamba kuti mugwire khasu. Yambani kukumba maenje odzalamo mbewu mu Julayi kapena Ogasiti, pang'onopang'ono m'mawa kusanatenthe, makamaka ngati bambo ali kuganyu ndipo munda wagwera inu nokha.

Tengani chingwe, mumange mfundo pa masentimita 70 aliwonse, mizere italikirane masentimita 90. Pa mfundo iliyonse kumbani dzenje lotalika masentimita 30, mulifupi mwa khasu, lakuya masentimita 20. Kuya kumeneku musakunyengerere, chifukwa ndi kumene kumaswa dothi louma gwa lomwe limatchinga mizu.

Thirani manyowa owola manja awiri, mukwirire ndi dothi koma musiye mpata wa zala zitatu pamwamba. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: dzenje likadzaza mpaka pakamwa, madzi amangodutsa. Ndowe yaiwisi nayo ayi, imatentha mbewu zikamamera.

Kamvula kongozimitsa fumbi kasakunamizeni. Dzalani nthaka ikanyowa mpaka pansi pa dzenje. Chimanga chikhale chocha msanga, mbewu zinayi, zikamera musiye zitatu. Maenje ena muwapatse mapira ndi khobwe, omwe amapirira ng'amba chimanga chikafota. Masamba a khobwe mufutse, adzakhala ndiwo m'chilimwe.

Mapesi musawotche. Ayaleni pakati pa mizere kuti nthaka isaume msanga, ndipo mugwirizane ndi a mfumu kuti ng'ombe ndi mbuzi zisawamalize. Chaka chamawa mufukule maenje omwewo.