Mmene mungathetsere chitsamba cha honeysuckle pamalo panu

Eni malo ambiri ku Missouri, Ohio, Indiana, Illinois ndi Kentucky m'dziko la United States akulimbana ndi chitsamba cha honeysuckle, chomwe chimamera mothithikana pansi pa mitengo mpaka mbewu za mitengo yachilengedwe kulephera kumera chifukwa cha mthunzi. Mtundu wovuta kwambiri ndi Lonicera maackii, umene unachokera kum'mawa kwa Asia ndipo unafika ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Pambuyo pake nthambi ya boma ya Soil Conservation Service inkalimbikitsa alimi kuti aziubzala poteteza nthaka kuti isakokoloke, ndipo mbalame zinamaliza ntchito yofalitsa njere zake.

Musanagwire chodulira chilichonse, tsimikizani kuti chitsambacho ndi chomwechi. Masamba ake amakhala awiriawiri moyang'anizana, maluwa ake amayamba oyera kenako amasanduka achikasu, ndipo zipatso zake ndi zazing'ono zofiira. Mukathyola nthambi yokhwima mudzapeza kuti pakati pake pali kabowo, pamene mitundu ya honeysuckle yachilengedwe cha ku America yomera ngati zitsamba ilibe kabowo kameneka ndipo siyenera kuwonongedwa.

Nthawi yabwino kwambiri yogwira ntchitoyi ndi kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Novembala. Chitsambachi chimaphukira msanga kuposa zomera zinzake nyengo yozizira ikamatha, ndipo chimakhalabe ndi masamba obiriwira pamene zinazo zayoyola kale. Khalidwe limeneli ndi limene limachipatsa mphamvu, koma ndi lomwenso limachiulula, chifukwa pa nthawiyo chimaonekera patali ndipo mankhwala amene mungapopere sagwera pa masamba a zomera zina.

Mizu yake siilowa pansi kwambiri, choncho timitengo tating'ono mungathe kutizula ndi manja nthaka ikakhala yonyowa. Onetsetsani kuti tsinde lonse latuluka, kenako pondani dothi kuti libwerere m'malo mwake, popeza nthaka yosiyidwa yofukulika imapereka mpata kwa njere zina kuti zimere.

Zitsamba zikuluzikulu, zomwe zimatha kutalika mpaka mamita 6, ndi zimene zimafuna kusamala, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya mphamvu zawo pachabe. Kudula kokha sikupha chitsambachi. Chitsa chosiyidwa popanda mankhwala chimatulutsa mphukira zambiri kuposa nthambi zimene munadula, moti pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri malowo amakhala atathithikana kuposa kale. Dulani ndi sowo pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo nthawi yomweyo, pasanathe mphindi zochepa, pakani mankhwala opha zomera a glyphosate osungunulidwa pa mlingo wa 20 peresenti pamwamba pa chitsacho, makamaka m'mbali moyandikana ndi khungwa, mmene mumadutsa chakudya chopita ku mizu. Ndi bwino kugwira ntchitoyi anthu awiri, wina akudula, wina akupaka, komanso kuthira utoto m'mankhwalamo kuti muzidziwa zitsa zimene mwapaka kale. Pewani njira imeneyi pa nthawi imene zomera zikuyamba kuphukira, chifukwa madzi a mumtengo amakhala akukwera ndipo amakankhira mankhwalawo kunja.

Pamene timitengo tachuluka moti simungathe kutizula, poperani masamba ndi glyphosate wa 1 kapena 2 peresenti pa tsiku lopanda mphepo komanso losazizira kwambiri. Valani magolovesi ndi zoteteza maso, tsatirani malangizo olembedwa pa botolo, ndipo pafupi ndi mtsinje kapena dziwe gwiritsani ntchito mankhwala okhawo ovomerezeka m'malo amadzi. Dzitetezeninso ku nkhupakupa, chifukwa kafukufuku wa m'dera la mzinda wa St. Louis ku Missouri anapeza kuti zimachuluka m'malo a chitsambachi, mmene agwape amakonda kubisala.

Ine ndimaona kuti ndi nzeru kuyambira kumene chitsambachi chidakali chochepa komanso kuchotsa msanga zitsamba zobereka zipatso, m'malo mothamangira pakati pa nkhalango yowirira. Malo amene mwalambula amalandira dzuwa, ndipo njere zotsala m'nthaka pamodzi ndi zobwera ndi mbalame kuchokera kwa oyandikana nawo zimamera mwachangu, choncho muyenera kuyendera malowo chaka chilichonse kwa zaka zosachepera zitatu, mukuzula zomera kumene ndi kupakanso zitsa zimene zaphukira. Bzalani zitsamba zachilengedwe monga spicebush, elderberry, dogwood ndi serviceberry kuti nthaka isakhale yopanda kanthu. Ngati malo anu ndi aakulu, funsani ku ofesi ya boma ya Natural Resources Conservation Service ya m'dera lanu za pulogalamu ya Environmental Quality Incentives Program (EQIP), yomwe imathandiza eni malo oyenerera kulipira mbali ina ya ndalama za ntchito ngati imeneyi.