Mmene Ndimatsukira Makapu Akale a ku Worcester

Ndili ndi makapu awiri a tiyi a ku Worcester, fakitale ya ku England yomwe inayamba mu 1751. Pa kapu iliyonse pali chizindikiro cha banja lomwe linaitanitsa: chishango chofiira, kamkango pamwamba, ndi mzere wagolide kukamwa kwa kapuyo.

Golideyo ndi amene ndimamuopera. Ndimayala thawulo m'beseni, n'kuthiramo madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo. Tsukani imodziimodzi, ndi zala zokha, chifukwa siponji yokalipa imadya golide ndipo sabwereranso. Musainyike m'madzi, musainyamulire pachogwirira. Gwirani ndi manja awiri. Popukuta, ingogunditsani kansalu kofewa pachishangopo, osakwecha. Zipsera za tiyi mkatimo ine ndimangozisiya, bulitchi sindiyandikizako.