Mwakwatira ku Tete? Boma silidziwa ankhoswe anu

Amene anakulira ku Lizulu kapena ku Biriwiri amadziwa kuti malire a Malawi ndi Mozambique kumeneko ndi msewu chabe. Ukaima mbali iyi ya M1 uli ku Ntcheu, ukaoloka phula uli m'dziko la eni, koma amene akukugulitsa mbatata tsidya linalo ndi msuweni wako. Mzerewu anaugwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa Achewa kapena Angoni a kwa Maseko amene anali kale mbali zonse ziwiri. Kenaka ku Mozambique kunabwera nkhondo yapachiweniweni, anthu pafupifupi 1 miliyoni nkuthawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo atatenga akazi, amuna ndi ana obadwira ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza.

Nchifukwa chake ambiri a ife okhala ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize sitidziona ngati alendo. Chilankhulo ndi chomwecho, gule ndi yemweyo, ndipo mu Ogasiti mafumu a kuno amakakumana ndi a kwathu ku Kulamba kwa Gawa Undi. Koma boma la Mozambique limawerenga mapepala. Banja lanu likhoza kukhala la zaka 20, ankhoswe a mbali zonse alipo, anyakwawa amakudziwani, pamaliro mumasonkha ufa ngati wina aliyense. Ngati ukwatiwo sunalembedwe ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsera maukwati ndi ana obadwa, pamaso pa lamulo la alendo muli ngati munthu amene walowa dzulo.

Ndinaziona ndi maso anga kwa mayi wina wa kwathu ku Dedza amene anabwera kuno chitengwa. Anakhala bwinobwino ndi amuna awo, anamanga nyumba ya malata, ana anayi. Bambo aja atamwalira, achibale ena a kuchimuna anayamba kunena kuti mlendo azipita kwawo. Mayiwo analibe kalata ya ukwati, pasipoti yawo inatha kalekale, ndipo ana awiri omaliza anali asanalembetsedwe paliponse. Ankaopa ngakhale kukadandaula, poganiza kuti akangotsegula pakamwa adzayamba kufunsidwa za mapepala awo omwe. Zonsezi zikanakonzeka mosavuta bambo aja ali moyo.

Tiyambire pa chipata. Mmalawi amene ali ndi pasipoti safunika viza kuti alowe mu Mozambique kudzacheza, ndipo amapatsidwa masiku osapitirira 30. Loweranitu pa chipata chovomerezeka: Zóbuè ngati mukuchokera ku Mwanza, Calómuè kuchokera ku Dedza, Biri-Biri kuchokera ku Ntcheu, kapena Vila Nova da Fronteira kwa a ku Nsanje. Musachoke pawindo musanaone ndi maso anu kuti chidindo chadindidwa ndiponso tsiku lalembedwa bwino. Njira zamadulira za akabaza nzachangu, koma tsiku limene mudzafune chilolezo chokhalira, funso loyamba lidzakhala lakuti munalowa liti ndipo munalowera pati. Kapepala kodutsira pamalire kamene amapatsa anthu a m'midzi yoyandikana ndi chipata nkokagulira zinthu kumsika kapena kukaona odwala, sikokhalira pabanja. Masiku akapitirira, chindapusa amachiwerengera tsiku ndi tsiku, ndipo chimakula msanga kuposa mmene munthu wolima fodya kapena wogulitsa kaunjika angakwanitsire. Alipo amene amakwera chapa, minibasi ya kuno, mwezi ndi mwezi kukadinditsa ku Zóbuè nkubwerera. Izi zimangokusungani pa mndandanda wa alendo ocheza, ndipo zaka zonse mwakhala chonchozo siziwerengedwa pa chilichonse.

Tsono ukwati. Lamulo la mabanja la Mozambique, lomwe linakonzedwanso mu 2019, limazindikira maukwati atatu: wa kuboma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo. Ambiri akamva zimenezi mtima umakhala pansi, amati ndiye kuti chinkhoswe chathu chija nchokwanira. Ayi. Ukwati wa chipembedzo kapena wa mwambo umakhala ndi mphamvu ya lamulo pokhapokha utalembedwa m'kaundula wa Conservatória do Registo Civil. Kalata imene abusa kapena ansembe anakupatsani isungeni ndithu, koma funsani ngati anatumiza nkhani yanu ku Registo, ndipo mukatenge kalata ya boma imene amati certidão de casamento. Lamulolo limavomereza mkazi mmodzi ndi mwamuna mmodzi basi. Bambo amene munasiya mkazi ku Mayani kapena ku Thambani nkudzakwatiranso kuno, dziwani kuti awiriwo sangalembedwe onse, ndipo kubisa ukwati woyamba polembetsa wachiwiri ndi mlandu. Onse awiri okwatirana akhale atakwanitsa zaka 18. Kuyambira 2019 kukwatira kapena kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka zimenezi nkolowetsa kundende, ndipo makolo ndi ankhoswe nawonso sapulumuka. Ndikutsindika izi chifukwa ena amaolotsa mtsikana malire poganiza kuti tsidya lino malamulo ngofewa.

Kukhalira limodzi popanda kulembetsa amakutcha união de facto. Lamulo limakuzindikira pa nkhani za katundu ndi ana anthu akakhala limodzi kopitirira zaka 3, ndipo zimenezi zathandiza amayi ambiri amasiye. Koma umboni wake umafuna mboni ndi maulendo, pamene kalata ya ukwati imangoyankhula yokha.

Mlendo akafuna kukwatira ku Registo amafunsidwa pasipoti yosatha ntchito, kalata ya kubadwa, ndi kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti alibe ukwati wina. Wamasiye kapena amene banja linatha abweretse umboni wake. Mapepala a ku Malawi ali m'Chingerezi, choncho amayenera kutsimikizidwa ku unduna wathu woona za maubale ndi mayiko ena, kudindidwa ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kenaka kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira, yemwe kuno amati tradutor ajuramentado. Mphunzitsi wa pasukulu yapafupi angadziwe zilankhulo zonse ziwiri, koma kumasulira kwake sikulandiridwa. Konzani zonsezi paulendo umodzi wa kumudzi, ndipo musatenge makalatawa miyezi yambiri musanawagwiritse ntchito, chifukwa ena amatha mphamvu akakhalitsa. Ku Registo amakhoma chidziwitso cha ukwati wanu kwa masiku angapo kuti wotsutsa atsutse, ndiye musaitane anthu ku phwando tsiku lisanatsimikizike.

Pali chinthu chaching'ono chimene chagwetsa anthu ambiri kuposa ndalama: kalembedwe ka dzina. Kalaliki wa kuno amalemba mmene khutu lake lamvera, motsata Chipwitikizi. Phiri amasanduka Piri, Mbewe amakhala Mbeue, Chisale amalembedwa Chissale, Yohane amabatizidwa João pomwepo. Kumudzi palibe amene angadabwe, tonse tikudziwa kuti ndi munthu mmodzi. Koma pasipoti ikati Mbewe, kalata ya ukwati nkuti Mbeue, kalata ya mwana nkulemba dzina la agogo ngati la bambo, pa kompyuta amenewo ndi anthu atatu. Kukonza chilembo chimodzi pambuyo pake kumadya miyezi. Musatchule dzina pakamwa. Perekani pasipoti, muwapemphe mwaulemu kuti akopere chilembo ndi chilembo, ndipo werengani musanasaine. Chimodzimodzi tsiku lobadwa ndi mayina a makolo anu. Ngati simuwerenga Chipwitikizi, pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira. Safunsa anadya phula.

Kalata ya ukwati ikakhala m'manja, sindiye kuti mwaloledwa kukhala. Yangokutsegulirani khomo lopemphera chiphaso cha mlendo wokhazikika, chija aliyense amangoti DIRE. Amapereka ndi a SENAMI, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndipo likulu lawo la chigawo chino lili mumzinda wa Tete. Lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la nambala 23/2022, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1993, choncho malangizo a achimwene amene anatenga DIRE zaka 15 zapitazo muwamve, koma mukatsimikize pawindo. Njira yowongoka ndi kupempha viza yodzakhala, visto de residência, ku ofesi ya kazembe wa Mozambique muli ku Malawi, nkulowa nayo, kenaka nkupempha DIRE masiku a vizayo asanathe. Yembekezerani kufunsidwa kalata ya apolisi a kwathu yosonyeza kuti mulibe milandu, kalata ya ukwati, kope la BI (chiphaso cha unzika wa Mozambique) ya mkazi kapena mwamuna wanu, kalata ya kwa secretário do bairro (mkulu woyang'anira dera lanu) yotsimikiza kumene mukukhala, umboni wa mmene mumapezera chakudya, ndi termo de responsabilidade, momwe mnzanuyo amalonjeza pamaso pa notário (mkulu wotsimikiza makalata mwalamulo) kuti akusamalirani. DIRE yoyamba imakhala ya chaka chimodzi, ndipo muziyamba kuikonzanso isanathe. Amene wakhala nayo zaka 10 zotsatizana angathe kupempha yokhalitsa. Ndalama zake si zochepa, ndipo ndikudziwa mabanja amene amachita kudikira kugulitsa fodya kapena soya kuti alipire. Lipirani motsata njira ya boma, tengani lisiti, ndipo kapepala kosonyeza kuti mwapereka pempho muziyenda nako mpaka khadi litatuluka. Madobadoba oima panja pa maofesi alipo kuno ngati kwathu komwe. Amene akuti akuthamangitsirani zinthu mukampatsa ya refresco, msiyeni.

Ndifike pa nkhani imene timainong'ona. Chifukwa chakuti DIRE njodula ndipo Chichewa chathu sichisiyana ndi cha ku Ulónguè kapena ku Furancungo, ambiri amasankha njira yachidule: kupeza mboni ziwiri zonena kuti anabadwira ku Domué, kutenga cédula (kabuku kosonyeza kuti munthu analembedwa m'kaundula wa kubadwa), kenaka BI. Ndikumvetsa chimene chimawakankha, ndipo sindikuwaweruza. Koma ndikupemphani, abale anga, musatero. Kunama pa kaundula wa boma ndi mlandu kwa inu ndi kwa mboni zanu zomwe. Chinanso, masiku ano mayiko onse awiri amatenga zidindo za zala. Kwathu a NRB analemba anthu m'dziko lonse mu 2017. Munthu amakhala ndi mayina awiri, masiku obadwa awiri, makolo anayi. Bodzalo amalidziwa ndi apongozi, alamu ndi anansi, ndipo tsiku limene mudzakangane za munda kapena banja likadzagwedezeka, ndi chida choyamba chimene adzatole. Ana anunso amalowa m'bodza lomwelo, chifukwa makalata awo amamangidwa pa dzina limene kulibe.

Chomvetsa chisoni nchakuti njira yoona ilipo. Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 26, amati mlendo amene wakhala pa ukwati ndi nzika kwa zaka zosachepera 5 angathe kutenga unzika akanena kuti akuufuna ndi kukwaniritsa zofunika zina za lamulo. Ndime yomweyo imati ukwati ukadzatha, unzika umene munatenga sulandidwa. Onani kusiyana kwake: DIRE yodalira banja imagwedezeka banja likatha, pamene unzika umakhala wanu. Koma zaka 5 zimenezo amaziwerenga pa kalata ya ukwati, osati pa tsiku limene munalowana. Amene sanakwatire nzika amadikira zaka 10 akukhala movomerezeka, ndipo ndime 27 imafuna kuti azidziwa Chipwitikizi kapena chilankhulo china cha m'dzikomo. Chinyanja ndi chimodzi mwa izo. Kwathu nako aphungu anasintha lamulo kumapeto kwa 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, koma pamafunika kukalembetsa ku nthambi ya Immigration, sizichitika zokha.

Ana musawachedwetse. Mwana wobadwira kuno kwa bambo kapena mayi wa ku Mozambique ndi nzika ya Mozambique, ndipo kudzera mwa inu alinso ndi ufulu wa unzika wa Malawi. Kapepala ka kusikelo si kalata ya kubadwa. Mlembetseni ku Registo akadali wakhanda, pamene kulembetsa kuli kwaulere, ndipo mayina a makolo onse awiri alowe monga alili pa ziphaso zawo. Amayi ambiri a m'malire amakachilira ku Dedza kapena ku Mwanza chifukwa ndiko kufupi kapena ndiko kuli amayi awo. Palibe cholakwa, koma tengani kalata ya kubadwa ya ku Malawi, ndipo mukabwerera kauzeni a Registo zoona za kumene mwana anabadwira. Lamulo lili ndi njira yoti mwana wa nzika wobadwira kunja alembedwe. Mukamaoloka chipata ndi mwana muli nokha, nyamulani kalata ya chilolezo ya kholo linzanu yodindidwa kwa notário.

Za ntchito ndi malo ndingonena mwachidule. Chilolezo chokhala ndi chilolezo chogwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Kampani ya malasha ku Moatize kapena ya fodya ku Tete ikafuna kukulembani, iyo ndiyo imayenera kukonza za ku unduna wa zantchito. Nthaka yonse kuno ndi ya boma, sigulitsidwa, munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito umene amati DUAT, ndipo kwa mlendo zofunika zake nzolimba. Nchifukwa chake munda ndi puloti nthawi zambiri zimalembedwa m'dzina la mnzanu wa kunoyo. Apa mpamene kalata ya ukwati imakutetezani: ngati simunasankhe dongosolo lina polembetsa, katundu amene mwapeza muli pabanja amawerengedwa kuti ngwa nonse awiri.

Ngati masiku anapitirira kale, kapena pasipoti inatha muli kuno, musabisale kudikira kuti apolisi akupezeni pa mlatho wa Samora Machel. Yambirani ku ofesi ya kazembe wa Malawi mumzinda wa Tete, mufotokoze zoona zonse, akuuzeni za pepala loyendera. Pa nkhani za banja, chuma cha masiye kapena ana, a IPAJ, nthambi ya boma la Mozambique, amapereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa osowa. Pepala lililonse mulijambule pafoni, makope ena mukasungitse kwa mbale wanu ku Malawi. Ndipo inu amayi amene muli chitengwa, pasipoti yanu ndi makalata a ana muzisunga nokha, pamalo amene mungawatenge ngakhale usiku.