Momwe mungalowere mumsewu waukulu ndi kagalimoto ka 660cc kuno ku Mangochi

Timagalimoto ta injini yaing'ono tachuluka kuno ku Mangochi, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa, ndi mafuta. Daihatsu Mira, Suzuki Alto, Nissan Dayz, Honda N-Box, tonseti injini yake ndi ya 660cc, malire omwe dziko la Japan linaika mu 1990 pa timagalimoto ta mtundu umenewu. Timagalimototi anatipanga kuti tiziyenda m'misewu ya m'tauni, munthu mmodzi kapena awiri, kupita kuntchito n'kubwerako. Ife kuno timakwezamo banja lonse, thumba la chimanga kumbuyo, n'kulowa nako mumsewu wa M3 momwe mukuthamanga malole ndi mabasi ochokera ku Blantyre. Kagalimotoko kamatha ndithu. Ine ndimayendetsa Mira ndipo ndilibe maganizo oyisintha. Koma pali malo amodzi pomwe kuchepa kwa injini kumaonekera poyera, ndipo ndi pamene mukuchoka mumsewu wafumbi kapena pamalo pomwe munaima, kuti mulowe patala. Zomwe ndalemba apa zikugwiranso ntchito kwa a Passo ndi Vitz ya 1000cc.

Musanachoke pakhomo

Yambani ndi matayala akutsogolo, chifukwa pa timagalimoto tambiri totere ndi omwe amakoka. Mpweya woyenera unalembedwa pakapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Musamangouza mnyamata wopopa kuti "ika monga mwa nthawi zonse", iye amapopa Sienta ndi minibasi tsiku lonse, adzakuikirani wochuluka.

Onaninso mtundu wa tayala. Galimoto zina zimafika kuchokera ku Japan zitavala matayala a m'nyengo yozizira, olembedwa STUDLESS m'mbali, okhala ndi timizere tambirimbiri topyapyala. Amaoneka atsopano, mano ake akuya, ndipo ogulitsa matayala a kaunjika ena amawatamanda kuti ndi "ojijino ya ku Japan". Labala yake ndi yofewa, yopangidwira kuyenda pa chipale chofewa, osati tala wa mu Okutobala wa kuno yemwe amawotcha phazi ngakhale mutavala patapata. Amatha msanga ndipo mukaponda buleki galimoto imakaima patali. Mukamagula la kaunjika, funani manambala anayi omaliza pa zolembedwa m'mbali mwa tayala, nthawi zambiri pambuyo pa mawu oti DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 mu 2016, lakalamba, kaya likuwala bwanji ndi polishi. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndiye funsani m'mashopu angapo pa boma musanatulutse ndalama. Ngati thumba silikulola onse anayi, gulani awiri atsopano m'malo mwa anayi otha.

Kenako mafuta. Akasowa pa filing'i siteshoni tonse timayang'ana kwa a zigubu, palibe wosadziwa. Koma petulo wosakaniza ndi palafini kainjini ka masilinda atatu sikamubisa. Kamayamba kutsamwa ndendende pomwe mwaponda moto kwambiri, kutanthauza pomwe mukulowa mumsewu. Mukakakamizika kugula, nunkhizani, gulani wongokufikitsani, ndipo tsiku limenelo muziyenda podziwa kuti mphamvu ya galimoto yanu siyodalirika. Chimodzimodzi oyilo wa giyabokosi. Zambiri mwa galimoto zimenezi zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, ndipo zimafuna oyilo wa CVT, osati ATF, oyilo wa otomatiki wamba, yemwe makaniko wina angakuthirireni poti ndi wotchipa. Muzigula nokha, muone chigubu chikutsegulidwa pamaso panu.

Poima pamphambano

Imani pomwe mukuona mbali zonse ziwiri popanda kutukula khosi. M'mphambano zambiri za kuno muli zotchinga: minibasi yaima ikuitanira, benchi ya wogulitsa mango, gulu la akabaza lomwe lasonkhana pansi pa mtengo. Ngati simukuona, sunthani pang'onopang'ono mpaka muone. Kungoganizira kuti kulibe kanthu ndiko kumapha anthu.

Muli chiimire choncho, chitani zinthu zitatu. Thimitsani eyakoni, chifukwa pa injini ya 660cc imadya gawo looneka la mphamvu, makamaka masana a mu Okutobala ndi Novembala pomwe kutentha kumadutsa madigiri 35 ndipo injini imakhala yofooka kale ndi mpweya wotentha. Tsitsani galasi kuti makutu athandize maso. Ndipo ngati galimoto yanu ndi yomwe imadzizimitsa yokha mukaima, ngati Mira e:S, dinani batani loletsa zimenezo. Injini ikazima, imafuna kanthawi kuti ilire mukachotsa phazi pabuleki, ndipo kanthawi kameneko pamphambano ndi kodula.

Kuyeza mpata

Apa ndiye pagona nkhani. Maso amanama pa liwiro la galimoto yomwe ikubwera molunjika kwa inu. Lole imaoneka ngati ili patali ndipo ikuyenda pang'ono, chifukwa ndi yaikulu. Koma galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. M'masekondi 10 yayenda mamita 220, mabwalo awiri a mpira ndi kanthu pamwamba. Inuyo m'masekondi 10 omwewo, kuchokera poima, muli ndi anthu atatu m'kagalimoto, mwayenda mwina mamita 100 okha ndipo simunafike pa 80. Mpata womwe munkauona ngati waukulu watha, lole ili pamsana panu, ndipo ngati yadzaza simenti kapena feteleza singaime pomwepo ngakhale dalaivala ataponda buleki ndi mapazi onse.

Ndiye musamayeze ndi maso okha, muziwerenga. Sankhani chizindikiro kumbali komwe galimoto zikuchokera, kaya ndi mlambe, pholo la ESCOM kapena chikwangwani cha sukulu. Galimoto ina ikadutsa pamenepo yambani kuwerenga mosathamanga mpaka ikudutseni. Mukapeza kuti ndi masekondi 6, chizindikirocho chili pafupi kwambiri, sankhani china chakutali. Ine ndimafuna 12 ndikakhala ndi anthu, 10 ndikakhala ndekha. Mukachipeza, lamulo lake ndi losavuta: galimoto iliyonse yomwe yadutsa kale chizindikirocho, ilekeni ipite. M'mphambano zomwe mumadutsa tsiku ndi tsiku mudzangochita kamodzi, kenako mtengo wanu mukuudziwa.

Wakumbuyo adzaimba hutala. Wa Sienta amakhala ndi changu chake, wa Hilux galimoto yake imanyamuka mosiyana ndi yanu. Msiyeni aimbe. Iye sakudziwa kulemera kwa katundu yemwe muli naye. Musadalirenso dzanja la kondakitala kapena wokwera yemwe wakhala kumanzere kwanu akuti "tiyeni, kuli bwino", pokhapokha mwaona nokha.

Kunyamuka kwenikweniko

Gawo ili ndi lomwe linandivuta, ndipo ndikufuna mulimvetse bwino chifukwa mabuku a kusukulu yoyendetsa galimoto salitchula. Misewu yathu yafumbi, makamaka yochokera kunyanja kulowa mumsewu wa ku Monkey Bay cha ku Namiasi, Makawa ndi Nkopola, imathera mumchenga. Ndipo tala m'mphepete mwake anadyeka, ndiye pamakhala kachitunda kakuthwa pakati pa dothi ndi msewu.

Tsiku lina ndikuchokera kunyanja, ndikukhotera kumanzere kubwerera ku boma, ndinawerenga mpata bwinobwino. Minibasi yochokera ku Monkey Bay inali isanafike pamtengo wanga. Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto n'kuponda moto. Matayala akutsogolo anangozungulira mumchenga, fumbi kobo, galimoto osasuntha. Kenako linagwira tayala limodzi, kagalimoto n'kudumphira patala mopingasa, mphuno ili pakati pa msewu, matayala akumbuyo akadakwera kachitunda kaja. Masekondi omwe ndinawasunga anathera pamenepo. Ndinamva kulira kwa mabuleki, ndipo nditayang'ana kumanja ndinaona nkhope za anthu a pampando wakutsogolo wa minibasi, mayi wina atagwira dashibodi ndi manja onse awiri. Dalaivala uja anakhotera kumzere wina, mwamwayi kunalibe chobwera. Mwana wanga anali pampando wakumbuyo.

Kuchokera pamenepo ndimachita motere. Ndisanayambe n'komwe kuwerenga mpata, ndimaonetsetsa pomwe matayala akutsogolo aponda. Ngati msewu uli ndi kamalo kam'mbali kuseri kwa mzere wachikasu, ndimakweza matayala akutsogolo pamenepo msewu uli phee, kuti ponyamuka agwire tala osati mchenga. Ngati kamaloko palibe, ndimafuna pomwe dothi ndi lolimba, nthawi zambiri m'mikwasa ya galimoto zina. Ndimaimika galimoto mopendekera kale komwe ndikupita, kuti chiwongolero chisafike kumapeto, chifukwa matayala okhota kwambiri sakoka bwino ndipo kachitunda ka tala amakakwera movutikira. Musapendeketse mopitirira mpaka kumanja kukhale kosaoneka.

Ponyamuka, sekondi yoyamba pondani mofatsa kuti matayala agwire. Mukangomva kuti onse anayi ali patala ndipo galimoto yawongoka, pondani moto mpaka pansi ndipo musabwezenso phazi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amalowa bwino, kenako n'kumakwawa pa 30 poopa kutha mafuta kapena poopa phokoso la injini. Kainjini kakang'ono mphamvu yake ili kumwamba. Muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini ukafika pa 4000 kapena 5000 si vuto bola injini yatentha kale ndipo oyilo alimo wokwanira, chomwe simuyenera kufika ndi pofiira. Ya CVT imalira mokweza ngati ikuterereka, liwiro n'kumabwera pambuyo, ndi mmene inapangidwira. Ngati ili ndi giya ya S kapena batani la PWR, ikani musananyamuke, mudzabwezere pa D mukafika pa liwiro la anzanu. A manyuwo, musathamangire giya yachinayi. Kokani yachiwiri ndi yachitatu mpaka zitopetu. Mafuta omwe mungawotche m'masekondi amenewo ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi omwe amathera podikira munthu pamsika injini ikulira.

Ndipo mukayamba kukayika muli pakati, ndi mochedwa. Kukayika kuthere poima paja. Yemwe amalowa theka n'kuponda buleki amasokoneza wobwera uja kuposa yemwe walowa n'kuthamanga.

Kukhotera kumanja

Uku n'kovuta kawiri, chifukwa mukudula mzere wa ochokera kumanja n'kukalowa mzere wa ochokera kumanzere. Mufunika zizindikiro ziwiri, mbali iyi ndi iyo. Yang'anani kumanja, kumanzere, kumanjanso, ndipo komaliza muyang'anire njinga zamoto, chifukwa akabaza ena amabwera mbali yolakwika m'mphepete momwemo, usiku opanda nyale. Msewu ukakhala wodzaza, ngati tsiku la msika kapena Lachisanu masana anthu akutuluka mumzikiti, ine ndimangokhotera kumanzere, n'kukatembenukira pa filing'i siteshoni kapena pamalo potakasuka kutsogolo. Ndi mamita ochepa owonjezera.

Mukalowa

Yang'anani pagalasi nthawi yomweyo, thimitsani indiketa, ndipo eyakoni muyatse mukafika pa liwiro. Khalani pakati pa mzere wanu. Kudzipanikiza m'mphepete kumaitana wakumbuyo kuti akupitirireni pomwe palibe malo, komanso m'mphepetemo ndi mwa njinga zonyamula makala, ana asukulu ndi mbuzi. Pa Ulongwe, pa Chimwala ndi m'malo ena amalonda tsatirani liwiro la pachikwangwani, apolisi alipo kaya palibe. Mukaona masamba pamsewu chepetsani, ndi maliro kapena galimoto yafa kutsogolo. Wogulitsa chambo akakukwezerani nsomba, musaponde buleki mwadzidzidzi, onani kaye kumbuyo.

Kupitirira lole ndi 660cc kumafuna msewu wautali wopanda kanthu, ndipo nthawi zambiri sikuyenera. Ngati mwatsimikiza, siyani mpata, yambirani kuthamanga muli kumbuyo, eyakoni yozima. Dalaivala wa lole akayatsa indiketa ya kumanja akukuuzani kuti musayerekeze, ya kumanzere akuti mutha kudutsa, koma onani nokha.

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, chitunda cha Chowe kwerani ndi giya yotsika ndipo muziyang'ana nyale ya kutentha kwa injini. Potsika ikani giya ya B kapena L kuti mabuleki asapse. Usiku onjezerani masekondi ena pakuwerenga kuja, popeza nyale imodzi ikhoza kukhala njinga yamoto kapena lole yakufa diso limodzi. Nyengo yamvula mchenga umakokolokera patala penipeni pamphambano, ndiye pomwe munanyamuka bwino dzulo muyang'anenso lero musanaponde.