Wi-Fi ikuoneka koma intaneti palibe? Onani izi musanaitane munthu

Nthawi zambiri rauta (kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba) ndi modemu (kabokosi kobweretsa intaneti kuchokera ku kampani) zikasiya kumvana vuto limakhala m'nyumba mwanu momwemo, makamaka kuno kuchigwa cha Shire komwe magetsi amangozimazima.

Zimitsani zonse ziwiri pa soketi. Yatsani modemu yokha kaye, dikirani mphindi ziwiri timagetsi take tikhazikike, kenako rauta. Magetsi a ESCOM akabwerera zonse zimadzuka nthawi imodzi ndiye rauta imapempha IP (adiresi yoti ilumikizikire pa intaneti) modemu isanakonzeke, basi imangokhala chete.

Chingwe chochokera ku modemu chilowe pa WAN, kabowo ka pa rauta kamene kamakhala kokha kapena ka mtundu wina, osati pa timabowo tina tija ta LAN. Ngati kapulasitiki kakumutu kanathyoka gulani china, chingwe cha mtundu wa Cat5e ndi chokwana, musalole wina akugulitseni chodula akuti ndiye chothamanga. Ku Limbe zimatsika mtengo koma mukawerengera thiransipoti yokwera Thabwa bola kugula pa Nchalo pompano, kungoti muyese kaye musanapereke ndalama chifukwa zina mkati mwake waya ndi wabodza.

Tsopano apa ndi pomwe panandivuta ine ndipo ambiri sapadziwa. Timagetsi tonse tinkayaka bwinobwino, foni ikulumikiza Wi-Fi, koma tsamba osatseguka. Nkhani inali yoti modemu ndi rauta zonse zinali ndi adiresi imodzi, 192.168.1.1, ndiye rauta imasokonezeka osadziwa kuti kunja ndi kuti, m'nyumba ndi kuti. Chotsani kaye chingwe cha modemu, lowani mu rauta pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti) ndi adiresi ndi password zomwe zalembedwa pansi pake, pitani pa LAN settings musinthe ikhale 192.168.2.1, sevani, iyambirenso. Mukatero mudzilowa ndi adiresi yatsopanoyo, yakale ija ikupititsani ku modemu. Bwezerani chingwe muone pa WAN status, ngati pakulemba 0.0.0.0 ndiye kuti rauta sinalandirebe IP, onetsetsani kuti WAN ili pa DHCP kapena Dynamic IP (kuti izilandira IP yokha) pokhapokha ngati kampani ya intaneti inakupatsani username ya PPPoE (njira yolumikizira ndi dzina ndi password).

Intaneti ikamangoduladula masana gwirani rauta muone kutentha, dzuwa la Okutobala ku Nsanje kapena Ngabu limapitirira madigiri 40, ichotseni pafupi ndi malata ndipo osaiphimba ndi nsalu. Adaputa ikhale ya ma volt omwe alembedwa pa rauta, zambiri ndi 12V kapena 9V.

Zikakanika lumikizani laputopu molunjika ku modemu, ngati intaneti palibebe imbirani kampani. Reset ya rauta ikhale yomaliza, imafufuta zonse ndi password yomwe.