Mmene Mphunzitsi Angathandizire Wothamanga Amene Wauzidwa Kuti Akayezedwe Ngati Ndi Mkazi

Wothamanga wanu akalandira uthenga woti akayezedwe asanapikisane m'gulu la akazi, yambani ndi kupempha lamulo lenilenilo molembedwa, chifukwa bungwe lililonse la masewera lili ndi malamulo akeake, ndipo malamulowa amasinthasintha. Bungwe loyendetsa masewera othamanga padziko lonse la World Athletics, mwachitsanzo, kuyambira pa 1 September 2025 limafuna kuti mkazi aliyense wopikisana pa mipikisano yake ikuluikulu ayezedwe kamodzi kokha pa moyo wake ngati ali ndi jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa a m'maselo a thupi) yotchedwa SRY, ndipo amayeza popala pang'ono mkati mwa tsaya kapena potenga magazi.

Musanapite naye kukayezetsa, khalani naye pansi mumufotokozere chimene akufufuza. Jini ya SRY imapezeka kawirikawiri pa chromosome Y, kaulusi ka m'maselo kamene nthawi zambiri amuna ndiwo amakhala nako, ndipo ndiyo imayambitsa kuti mwana ali m'mimba akule ngati wamwamuna. Komabe alipo akazi amene anabadwa nayo jiniyi, analeredwa ngati atsikana, ndipo sanakayikirepo chilichonse. Ena mwa iwo matupi awo salabadira n'komwe homoni yachimuna yotchedwa testosterone. María José Martínez-Patiño wa ku Spain, wothamanga modumpha zotchinga, anali m'gulu limeneli: anachotsedwa pa mpikisano atayezedwa ku Kobe m'dziko la Japan mu 1985, nkhani yake inafika m'manyuzipepala, ndipo analoledwanso kupikisana mu 1988 nthawi yake yabwino itapita kale. Pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996, akazi asanu ndi atatu anapezeka ndi jiniyi, koma onse analoledwa kupikisana.

Choncho zotsatira zikasonyeza kuti jiniyo ilipo, musazitenge ngati chigamulo chomaliza. Pemphani kuti aonedwe ndi dokotala wodziwa za mahomoni, amene wothamangayo wamuvomereza yekha, ndipo pakhalenso munthu womupatsa uphungu, pakuti kumva nkhani yotere munthu atakula kale kumaswa mtima. Musamukakamize kumwa mankhwala otsitsa testosterone kapena kuchitidwa opaleshoni pofuna kuti asaphonye mpikisano. Zimenezo ndi zoti asankhe mwini thupi atamva ubwino ndi kuipa kwake.

Pa chinsinsi mpamene aphunzitsi ambiri amapunthwa. Zotsatirazo ndi za wothamangayo ndi madokotala basi, osati za anzake a m'timu, atolankhani kapena gulu la WhatsApp. Zimene zinachitikira Caster Semenya, wothamanga wa ku South Africa, pa mpikisano wapadziko lonse ku Berlin mu 2009, pamene dziko lonse linkakambirana za thupi lake iye ali ndi zaka 18, zinayamba chifukwa nkhani inatuluka isanathe kufufuzidwa.

Ngati waletsedwa, sungani kalata iliyonse ndipo funsani msanga tsiku lomaliza lochitira apilo. Milandu yotere imapita ku khoti la zamasewera la CAS ku Lausanne m'dziko la Switzerland, komwe Dutee Chand wa ku India anapambana mu 2015, koma Semenya analuza mu 2019.